Sikelo ya ku Kilimanjaro, khofi wa ku Gorongosa ndi phiri lathu la Mulanje

Lolemba lapitali ndinalawirira ku Dziwe la Nkhalamba, pamtsinje wa Likhubula m'tsinde mwa phiri la Mulanje, anthu odzasangalala atachoka dzulo lake. Madzi ankagwa monga mwa masiku onse, ozizira zedi, koma m'mipata ya miyala munali mabotolo osweka, majumbo ndi mbale zapulasitiki zotsalira mpunga. Mtima unandiwawa. Madzi a Likhubula omwewa ndi amene amayi amatunga kumusi, ndipo mapaipi amawatengera mpaka ku Blantyre.

Anzathu a ku Tanzania nkhani imeneyi amaithera pageti. Phiri la Kilimanjaro sukwera wekha. Lamulo limafuna kuti upite ndi woperekeza wa chiphaso. Katundu wa potala, wonyamulira alendo katundu, amaikidwa pasikelo kuti asapitirire makilogalamu 20. Mabotolo amadzi apulasitiki ongomwera nkutaya saloledwa kulowa, ndipo zinyalala zonse zimatsika ndi eni ake. Mu June 2019 dziko lonse linaletsa majumbo, mpaka mlendo wofika pabwalo la ndege amachenjezedwa. Ife lamulo loletsa mapulasitiki opyapyala tinalikhazikitsa mu 2015, koma linakhala zaka likukokanakokana m'makhoti. Sikelo ija ndimaisirira kwambiri ndikaona achinyamata athu akukwera chitunda cha ku Chambe, chikwama cha mlendo kumsana, thukuta lili kamukamu.

Koma geti lokha silingateteze Mulanje. Phiri lathu lili ndi njira mbali zonse, ku Thuchila, ku Lujeri, ku Fort Lister, ndipo wocheka matabwa salowera pageti. Mkungudza, mtengo wa fuko lathu kuyambira 1984, mwachilengedwe sumera kwina kulikonse padziko lapansi kupatula pamwamba pa phirili. Kafukufuku wa mu 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha. Isanu ndi iwiri basi, abale anga, m'nkhalango imene boma linaiteteza kalekale mu 1927.

Apa mpamene ndimayang'ana ku Mozambique, tsidya la Muloza. Kumalo osungirako nyama zakutchire a Gorongosa, nkhondo yapachiweniweni imene inatha mu 1992 inasiya nyama zitatheratu. Boma litagwirizana ndi bungwe la Greg Carr, munthu wachuma wa ku America, mu 2008, sanangolemba alonda. Paphiri la Gorongosa, pamene anthu ankagwetsa nkhalango kuti alime, anayambitsa ulimi wa khofi womera pamthunzi wa mitengo yachilengedwe. Mlimi akadula mtengo, khofi wake yemwe ndiye apserera ndi dzuwa. Sindikunena kuti kumeneko zonse zili bwino; paphiri la Namuli, kufupi ndi Gurué, nkhalango yakhala ikulowa m'minda ya mbatatesi. Koma nzeru ya khofiyo ndi yozama, chifukwa munthu wanjala sungamuuze kuti asiye makala popanda kumuonetsa pena popezera ndiwo. Nazale za mkungudza zimene midzi ikusamala mothandizidwa ndi Mulanje Mountain Conservation Trust zili m'njira yomweyo, kungoti ndalama yake iyenera kufika m'manja mwa anthu ambiri.

Nafenso tili ndi chathu chamtengo wapatali. Tinakula tikuuzidwa kuti ku Sapitwa, nsonga yaitali kwambiri ya phirili pa mamita 3,002, kuli mizimu, sulongolola chisawawa, ndipo ukapeza chakudya panjira umadya wekha osaitana mnzako. Ulemu umenewu ndi umene UNESCO inaona polemba phirili pamndandanda wa malo ofunika padziko lonse mu 2025. Nanga munthu woleredwa chonchi angaswe bwanji botolo padziwe la makolo?

Ine ndikanakonda kuti pa Likhubula mabotolo aziwerengedwa polowa ndi potuluka, katundu wa mapotala aziyezedwa, ndipo mabasi a sukulu azibwera ndi matumba awoawo a zinyalala. Inunso mukaona kabokosi konunkhira mkungudza pamsika wa ziboliboli, muyambe mwafunsa kumene thabwalo lachokera musanapise m'thumba.