Mwana wanga amuveka nthenga za pepala n'kumuuza kuti akhale chete

Ndakhala ndikudzigwira kuyambira dzulo madzulo koma zakanika. Ndiyankhula basi, wokwiya akwiye.

Dzulo kusukulu kwa mwana wanga kuno ku Montreal kunali zionetsero zotsekera chaka. Kalasi yawo inakonza sewero lokumbukira pangano la mtendere la mu 1701 pakati pa Afalansa ndi mitundu ya eni nthaka a kuno, lija amalitcha La Grande Paix de Montréal. Ndinapempha kuweruka msanga kuntchito, ndinathamangira basi, ndinakakhala mpando wakutsogolo foni ili m'manja kuti ndijambule agogo ake kumudzi adzaone. Ndiye ndione chiyani? Kamnyamata kamodzi akaveka chipewa chachikulu ndi jekete lonyezimira, akuti ndiye Callière ameneyo, bwanamkubwa wa Afalansa nthawi imeneyo, ndipo kanayankhula kokha kuyambira poyamba mpaka pomaliza. Ana ena onse, wanga ali momwemo, awamanga nthenga za pepala kumutu, awapaka utoto m'masaya, awakhazika pansi. Ntchito yawo kugwedeza mutu. Pamapeto anaimirira, anavina mozungulira, makolo m'manja phuphuphu. Mwana wanga, amene pakhomo pano pakamwa pake sipatsekeka, sanapatsidwe ngakhale liwu limodzi. Tili m'basi pobwerera ndinamufunsa kuti iwe m'seweroli unali ndani? Akuti, "Ndinali mmodzi wa anthu aja." Anthu aja ati? Wangoti kukamwa yasa.

Anthu aja ali ndi mayina, abale. Mtendere umene uja si Callière anautulutsa m'thumba ngati maswiti n'kuyamba kugawira ana. Anauumba ndi eni nthaka. Ndibwereze kuti amene ali kumbuyo amve: anauumba ndi eni nthaka.

Anthu pafupifupi 1,300, oimira mitundu pafupifupi 40, anapalasa mabwato a makungwa masabata ndi masabata, ena kuchokera kunyanja zikuluzikulu za kumadzulo, ena kuchokera kum'mawa, kudzakumana m'katauni kamene nthawi imeneyo kanali kachabechabe. Kunali matenda m'taunimo, ena anadwala, ena anafera komweko, koma zokambirana sizinaime. Munthu amene wapalasa mtunda wonsewo, mukundiuza kuti anabwera kudzagwedeza mutu?

Nanga Kondiaronk ali kuti m'sewero lanu? Mtsogoleri wa a Wendat, Afalansa ankamutcha Le Rat, khoswe, chifukwa cha kuchenjera kwake. Ndiye anakopa mitundu yambiri kuti ibwere. Anadwala msonkhano uli mkati, anachita kumukhazika pampando chifukwa kuima kunali kutakanika, koma anayankhulabe nthawi yaitali mawu akuchita kuthawa pakhosi. Anamutengera kuchipatala cha Hôtel-Dieu ndipo anamwalira pa 2 Ogasiti. Maliro ake anachitikira m'tchalitchi cha Notre-Dame, Afalansa ali pomwepo, adani ake akale nawonso atabwera kudzapepesa. Pa 4 Ogasiti pangano linasainidwa. Munthu anathera mpweya wake womaliza pa nkhani imeneyi, inu n'kumuchotsa m'sewero kuti mupeze malo a gule wa nthenga. Ngati mumafuna sewero logwira mtima, nalotu limeneli, lolembedwa kale, simukanavutika n'komwe. Koma ayi. Chipewa chachikulu chiyankhule, nthenga zigwedeze mutu.

Ndipo musandiuze kuti Afalansa anachita chifundo. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Nkhondo za zikopa za kanyama kaja ka m'madzi kotchedwa beaver zinali zitawatopetsa onse, ndipo mmene a Haudenosaunee, chitaganya cha mitundu isanu ya eni nthaka, anathirira nkhondo mudzi wa Afalansa wa Lachine mu 1689 Afalansawo anali asanaiwale. Ndi zomwezo basi.

Chimene chikundiwawa n'chakuti ngakhale kayendetsedwe ka msonkhanowo sikanali kachifalansa. Malamba a mikanda ya zigoba amene ankapatsana kuti mawu akhale ndi umboni, a ndani? Kaliwo amene ankasuta mopatsirana, wa ndani? Mawu oti tikwirire nkhwangwa m'dzenje, tidzale mtengo wa mtendere, anachokera ku Paris? A Mohawk, a Oneida, a Onondaga, a Cayuga ndi a Seneca, omwe ndi a Haudenosaunee aja, anali ndi chitaganya chawo ndi lamulo lawo la mtendere Mfalansa asanaponde kuno. Bwanamkubwayo anachita kuphunzira mayankhulidwe awo kuti amvedwe. Iyeyo ndiye anali wophunzira pamenepo. Pa chikalatacho atsogoleri sanadinde chala ngati anthu osadziwa kanthu, anajambula zizindikiro za mafuko ndi midzi yawo, nyama ndi mbalame, aliyense chake. Chikalata chimene chija chikufuula kuti tinalipo, tinayankhula, tinavomera tokha. Sewero la dzulo likuti anakhala pansi n'kuvina.

Mukufuna kudziwa kuti anthuwa ankadziwa ndale? M'chilimwe chomwecho cha 1701 a Haudenosaunee anali akukambirananso ndi Angerezi ku Albany. Kuno alonjeza Afalansa kuti pa nkhondo za azungu okhaokha iwo salowerera, uko asunga ubale ndi Angerezi. Kwathu timati mapanga awiri avumbwitsa, koma awa anabisala m'mapanga onse awiri kwa zaka zambiri osanyowa. Amenewo ndiwo mwawasandutsa zokongoletsera pabwalo.

Zitatha ndinapita kwa aphunzitsi, mwaulemu ndithu, mano ndili nawo koma sindinalume. Akuti nthawi inali yochepa komanso mayinawo ndi ovuta kwa ana. Ovuta? Ana omwewa amatchula mayina a osewera mpira a dziko lililonse osaphonya chilembo. Mwana wanga amayankhula Chifalansa kusukulu, Chingerezi ndi anzake, Chichewa akafuna ndalama kwa ine. Alephere kunena Kondiaronk? Dzinalo lili pamalo oonerapo mzinda pamwamba pa phiri la Mont Royal, pamene tonsefe timakajambulitsa tikangofika kuno kuti akumudzi adziwe kuti tafikadi. Taimapo, tamwetulira, taponya pa Facebook, osafunsa kuti mwini dzinali anali ndani. Inenso ndinatero, sindikudziyeretsa.

Nthawi yochepa? Kahnawà:ke, mudzi wa a Mohawk, uli tsidya la mtsinje pompa, ungowoloka mlatho wa Mercier. Kuli anthu amoyo kumeneko, ali ndi sukulu zawo, akulimbana kuti chiyankhulo chawo chisafe. Panalibe woti n'kuimba foni kupempha munthu mmodzi abwere adzauze ana nkhaniyi ndi pakamwa pake? Nthawi yodula nthenga 25 ndi sizasi inapezeka, yomata ndi guluu inapezeka, yoimba foni imodzi ndiye inasowa.

Ndipo m'dziko lino, m'dziko lino lenileni, munthu ungayerekeze bwanji kukhazika ana pansi m'dzina la eni nthaka n'kuwauza kuti musayankhule? Dziko la Canada limene ana a eni nthaka pafupifupi 150,000 analandidwa kwa makolo awo kupita kusukulu zogonera komweko, kumene ankalangidwa akayankhula chiyankhulo cha amayi awo, sukulu zomaliza n'kudzatsekedwa m'zaka za m'ma 1990 zomwezi. Pa 30 Sepitembala, tsiku lokumbukira ana amenewo, mudzativeka malaya a olenji, tidzaweramitsa mitu, kenako chaka chikamatha tibwererenso ku nthenga za pepala. Mzinda unaika mtengo wa paini woyera, woimira eni nthaka, pa mbendera yake mu 2017, zabwino, tinaombera m'manja. Koma mtengo uli pa mbendera suyankhula. Mwina n'chifukwa chake mumaukonda.

Ine zimenezi ndimazidziwa fungo lake. Ndinakhala pansi pa mtengo ku pulayimale ndikuloweza kuti Livingstone ndiye anatulukira nyanja ya Malawi mu 1859, ngati kuti amene anamuonetsa njira ankasamba m'chitsime. Ndinakhoza mayeso ndi yankho limenelo. Ndiye ndiwoloke nyanja zonsezi, ndizizidwe miyezi isanu pa chaka, kuti mwana wanga adzaphunzire bodza lomwelo litangovala jekete lina? Iyayi. Mlandu suwola, ndipo uwu sunawole.

Mu 1990 ku Oka a Mohawk anaima masiku 78 maso ndi maso ndi apolisi ndi asilikali chifukwa anthu ankafuna kukulitsa bwalo la gofu pa nthaka imene pali manda a makolo awo. Bwalo la gofu! Amenewo ndi adzukulu a anthu ogwedeza mutu?

Ndipo pamene ndayamba kale, ndikuuzeniko inunso a Malawi anzanga a m'magulu athu a WhatsApp. Mwafika dzana, chikwama chidakali ndi fumbi la ku Chileka, mwayamba kale kunena kuti eni dziko ndi alesi, ndi zidakwa, amangodya za boma. Mwawaona angati? Awiri atatu pakhomo la metro, basi mwamaliza kafukufuku. Mawu amenewo ndi omwe aja ankanenera agogo athu m'minda ya tiyi ku Thyolo, mwangowatola pansi n'kuwapukuta. Wina anandiyankha sabata yatha kuti mayi inu mumakonda ndale. Eya, ndimakonda. Ndipo madola 10 amene anatisonkhetsa a zovala za sewerolo ndikuwafunabe, chifukwa guluu uja wakanirira pa juzi ya mwana ndipo ndachapa kawiri sakuchoka.