Mbewa yothamangathamanga m'bokosi si umboni wa mphamvu

Anzanga, pali nkhani ina imene sindigwirizana nayo. Ambiri amati mankhwala ogalamutsa ubongo, monga caffeine, amphetamine ndi cocaine, amapatsa munthu mphamvu. Ine ndikuti ayi. Mankhwalawa sathira kanthu m'thupi, amangokakamiza thupi kumwaza zimene linasunga. Ndipo mboni zabwino kwambiri pa mlanduwu ndi mbewa ndi makoswe a m'malabotale, chifukwa nyama sizidziwa kunamizira.

Tiyambe ndi caffeine, poti ndiye timakumana naye tsiku ndi tsiku. Munthu akakhala maso nthawi yaitali, mu ubongo mumachuluka kanthu kotchedwa adenosine, ndipo ndiko kamauza thupi kuti latopa, likagone. Caffeine amakakhala pamalo pamene adenosine amayenera kukhala, uthenga uja osafika. Kutopa kulipobe, koma simukukumva. Kuli ngati kumata pepala pa kanyali kofiira kochenjeza kuti mafuta atsala pang'ono m'galimoto, n'kumati vuto latha.

Cocaine ndi amphetamine amagwira kwina, pa dopamine ndi noradrenaline, timadzi tonyamula mauthenga mu ubongo. Selo ya mu ubongo ikatulutsa dopamine kuti ilankhule ndi inzake, imamubwezanso msanga. Cocaine amatseka khomo lobwerera lija, dopamine n'kungounjikana panja. Amphetamine ndiye amaonjeza mwano: amalowa m'selo momwemo, n'kutembenuza khomolo kuti lizitulutsa m'malo molowetsa.

Nanga mbewa ikabayidwa amphetamine imatani? Ofufuza amaiika m'bokosi lokhala ndi timizere ta kuwala, ndipo ikadula mzere, makina amawerenga. Akaipatsa pang'ono, nambala imakwera, mbewa ili yakaliyakali, uku ndi uku, chakudya osachifuna, tulo osabwera. Ukaonera apa pokha, ukhoza kunena kuti yapeza nyonga. Koma onjezerani mlingo muone. Mbewa ija imasiya kuyenda, n'kuima pamalo amodzi, kumangonunkhiza malo omwewo, kunyambita, kutafuna waya wa khola, kugwedeza mutu, mobwerezabwereza kwa nthawi yaitali. Makina aja amaonetsa nambala yotsika ngati nyama yapuma, chikhalirecho ubongo wake wakodwa pa chinthu chimodzi ndipo ukulephera kuchokapo. Imeneyi si mphamvu. Aliyense amene anaonapo munthu wosuta methamphetamine, m'bale wake wa amphetamine, akumasula wailesi usiku wonse popanda cholinga adzazindikira khalidweli.

Chimene chimandigwira mtima kwambiri ndi zimene wofufuza M. R. A. Chance anasindikiza mu 1946. Anaona kuti mlingo wa amphetamine umene mbewa ili yokha imapirira, umapha mbewa zambiri zikaikidwa pamodzi m'khola lothinana. Mankhwala omwewo, mlingo womwewo, mtundu wa mbewa womwewo. Chasintha ndi anzake okha. Zimadzutsana, zimathamangitsana, thupi limatentha mpaka kupitirira muyezo, kenako zimafa. Chipinda chikatentha, imfa zimachulukanso. Taganizirani tsono za mnyamata amene wameza mapiritsi a mtundu umenewu m'chipinda chovinira chodzaza anthu, mpweya wochepa, akuvina osapuma. Funso loti "ndamwa angati" silokwanira. Komwe wamwerako kumawerengedwanso.

Palinso nkhani ya kusankha. Mu 1962 James Weeks anakonza njira yoti khoswe azidzipatsa yekha mankhwala kudzera mu kapaipi ka mu mtsempha akadina kachitsulo. Njira imeneyi ndiyo Bozarth ndi Wise anagwiritsa ntchito mu 1985, pomwe analola makoswe kudzipatsa mankhwala usana ndi usiku kwa masiku 30. Mwa makoswe a cocaine, 90 pa 100 alionse anafa, pamene a heroin anafa 36 pa 100. A cocaine ankadina mosalekeza kwa maola ambiri, kudya kochepa, thupi kumatha, ena kumaphupha ngati akhunyu. Ndivomereze apa kuti khoswe wotsekeredwa yekha, wopanda china chochita, si chithunzi chathunthu cha munthu amene ali ndi banja ndi ntchito. Komabe sindingaone zotsatira zimenezo n'kumanenabe kuti cocaine ndi wongosangalatsa pa phwando.

Ngakhale akangaude sanasiyidwe. Peter Witt anayamba kuwapatsa mankhwala mu 1948, ndipo a NASA, bungwe la ku America la zam'mlengalenga, anabwereza mu 1995. Ukonde wa kangaude wopatsidwa caffeine unatuluka wosokonekera, wopanda mutu weniweni. Kangaude si munthu, musataye kapu yanu ya khofi, koma kugwira ntchito mwachangu ndi kugwira ntchito bwino zinasiyana poyera pamenepo.

Tsono pali pamene ndimasiyana ndi aphunzitsi ena a zamankhwala. Poizoni wotchedwa strychnine nayenso amawerengedwa m'gulu lomweli la mankhwala ogalamutsa. Iye amatsekereza glycine, kanthu ka m'thupi kamene ntchito yake ndi kuletsa minyewa ya mu msana kuti isamangolamula minofu mwachisawawa. Chule kapena mbewa ikapatsidwa strychnine, kaphokoso kakang'ono kapena kuikhudza chabe kumaiumitsa thupi lonse, msana kupindikira kumbuyo, miyendo ili tantha, ndipo imamva zonse chifukwa siikomoka. Imafa polephera kupuma. Zimenezi zinadziwika kalekale, zinalembedwa, zinajambulidwa. Kupha nyama ina chaka chilichonse kuti ophunzira atsopano angoona ndi maso, ine ndimakuona ngati nkhanza zopanda phindu. Asayansi Russell ndi Burch ananena kale mu 1959 kuti pamene pali njira ina tisagwiritse ntchito nyama, pamene palibe tichepetse chiwerengero chake ndi ululu wake. Wofufuza amene akuyesa mankhwala atsopano a khunyu pa mbewa yopatsidwa pentylenetetrazol, mankhwala oyambitsa khunyu, ali ndi funso limene palibe analiyankha, ndipo ameneyo ndimamumvetsa. Koma wa m'kalasi aonetse ophunzira kanema kapena pulogalamu ya pa kompyuta, achule awasiye.