Kafukufuku wa madzi athu asamathere panjira

Amene anafika padoko la Kachulu ku Zomba mu 2018 sangaiwale mabwato atagona pamatope ong'aluka, pamalo pomwe asodzi ankavuulira matemba. Nyanja ya Chilwa inaphwa chaka chimenecho monga inachitira mu 1968 ndi mu 1995, koma pofika mu 2024 nyanja ya Malawi inasefukira mpaka kulowa m'nyumba za anthu ku Mangochi. Akatswiri a dziko limodzi sangamvetse okha kusinthasintha kotere, pakuti mtsinje wa Ruhuhu, womwe umathira madzi ambiri m'nyanja yathu, umachokera ku Tanzania, ndipo Shire akadutsa Nsanje amakathira mu Zambezi ku Mozambique.

N'chifukwa chake ndimayamikira ntchito ngati yomwe inayamba mu 2010 m'chigwa cha Chilwa ndi thandizo la dziko la Norway, pomwe akatswiri a ku Chancellor College anagwirira limodzi ndi bungwe lofufuza za nsomba la WorldFish.

Komabe pali chimene chimandiwawa mumtima. Namondwe Ana atawononga malo opangira magetsi a Kapichira mu 2022, akatswiri a gulu lofufuza za nyengo la World Weather Attribution anapeza kuti kusintha kwa nyengo kunawonjezera mvula, koma analephera kunena kuti kunawonjezera motani chifukwa malo oyezera mvula okhala ndi kaundula wa zaka zambiri ndi ochepa m'chigawo chathu. Makompyuta amphamvu a ku Ulaya amadalira munthu amene amalawira m'mamawa kupita kumtsinje, n'kuyang'ana mizere yolembedwa pa chitsulo chozikidwa m'madzi, n'kulemba nambala m'kabuku. Madzi osefukira akakokolola chitsulocho ndipo palibe wochibwezeretsa, zaka zimadutsa tili mumdima.

Lero tikudziwa kuti Shire anasiya kutuluka m'nyanja kwa zaka pafupifupi 20 kuchokera mu 1915 chifukwa panali anthu amene ankalemba msinkhu wa madzi. Magetsi a ku Nkula ndi ku Tedzani amadalira mtsinje womwewo, choncho nkhaniyi ikukhudza aliyense woyatsa getsi madzulo.

Ndikupempha kuti mgwirizano uliwonse wa kafukufuku uziika padera ndalama zokonzera zoyezera ndi zolipirira owerenga madzi, ndipo zonse zopezeka zizisungidwanso m'mayunivesite athu, kuti wophunzira wa ku Bunda kapena ku MUST asamachite kulemba kalata kunja popempha kaundula wa mtsinje wa Ruo.