Chinsinsicho ankabisira ndani?

Alembi, mwayamikira akuluakulu a asilikali posunga chinsinsi pa nkhondo ya ndege, koma ine mtima wanga ukukana. Kuyambira Malichi 1969, ndege za B-52 zinkaponya mabomba ku Cambodia molamulidwa ndi Nixon, pulezidenti wa America nthawi imeneyo, malipoti n'kumalembedwa kuti agwera ku South Vietnam. Anthu a m'midzi ya Cambodia ankadziwa, poti ndiwo ankaika maliro. Obisiridwa anali aphungu ndi anthu a ku America, mpaka Major Hal Knight, msilikali amene ankalemba nawo malipoti abodzawo, anaulula mu 1973.

Ndimasamalira maluwa ku Saxonwold kuno ku Joni, pafupi ndi nyumba yosungiramo zida zakale za nkhondo. Ndikaona ndege zili m'menemo, ndimaganizira msilikali amene bwana wake anamuuza kuti awotche mapepala oona, asaine abodza.