Jekete yofiira ya Cardinals musamaivotere ngati mukudina like

Ana anga, makamaka inu amene muli kuno ku America ndipo mwayamba kutsata baseball, tandimverani pang'ono chifukwa khalidwe lomwe ndikuliona nthawi ya mavoti a Hall of Fame ya St. Louis Cardinals, kaundula wa ulemu wa akatswiri akale a timuyi, silikundisangalatsa olo pang'ono. Sizoni ikamayandikira timu imatulutsa mayina, linki nkuyamba kuzungulira mmagulu athu a WhatsApp, ndiye munthu amangotsegula, kudina dzina lomwe analimvapo, kutumiza kwa anzake kuti aise votera uyu, basi watha. Zotsatira zikatuluka mwayamba kutukwanizana mpaka kutchulana makolo. Ine timu imeneyi ndakalamba nayo ndipo ndikuti zimenezi muzisiye.

Ena simudziwa nkomwe chomwe mukuvotera. Iyi si Hall of Fame ya dziko lonse ya ku Cooperstown ija ayi, kumene kuja amavota ndi atolankhani ndi makomiti, sapota alibe mawu. Iyi ndi ya timu, inayamba kulowetsa anthu mu 2014 chaka chomwe anatsegula museum ku Ballpark Village, kungowoloka msewu kuchokera pa Busch Stadium, ndipo eni timu anachita kufuna kuti masapota akhale ndi gawo. Pali komiti ya anthu odziwa mpirawu, amaitcha Red Ribbon, ndi yomwe imasefa mayina oti tivotere. Munthu ayenera kuti anasewerera Cardinals masizoni osachepera 3 komanso papite zaka 3 chipumireni. Amene anapuma kalekale zaka zoposa 40 zapitazo amawasankha ndi akomiti okha. Wolowa amavekedwa jekete yofiira. Amene munapitako tsiku lotsegulira sizoni pa Busch mukudziwa zomwe ndikunena, madoda aja amafika pa galimoto zopanda denga atavala majekete awo, kutsika pang'onopang'ono, ena mawondo akuvuta, nkuima pa mzere pafupi ndi home plate, ndiye anyamata osewera sizoni imeneyo amabwera mmodzimmodzi kudzawagwira chanza. Mzere umenewo ndi womwe ankaimamo Bob Gibson ndi Lou Brock mpaka pomwe anatisiya onse awiri mu 2020. Voti yanu ija imaika munthu mu mzere umenewo moyo wake wonse.

Ndiye taonani zomwe zinachitika mu 2023. Pa mndandanda panali mayina 5, Joaquín Andújar, Steve Carlton, David Freese, Matt Morris ndi Edgar Rentería. Masapota anasankha Freese. Chifukwa chake tonse tikuchidziwa, ndi usiku wa pa 27 October 2011, gemu ya 6 ya World Series, mpikisano womaliza wolimbirana chikho cha baseball, ndi Texas Rangers. Cardinals inali kumbuyo 7-5 mu inning ya 9, gawo lomaliza la gemu, awiri atuluka kale, kwatsala strike imodzi yokha kuti chikho chipite ku Texas, Freese nkumenya mpira womwe unadutsa pamutu pa Nelson Cruz, anzake awiri kulowa, gemu nkufanana. Mu inning ya 11 yemweyo nkumenya home run, gemu kutha 10-9, mawa lake timu nkutenga chikho chake cha nambala 11. Mwana wokulira ku St. Louis konko, MVP wa World Series, kutanthauza wosewera bwino kuposa onse, ndani angaiwale? Ine usiku umenewo ndinalira ndipo sindichita nazo manyazi.

Koma mu June 2023 Freese mwiniwake anakana kulowa. Anathokoza masapota koma ananena poyera kuti akudziwa kulemera kwa jekete imeneyo ndipo sakudziona kuti ndi woyenera kuivala. Tamvani bwino pamenepo. Munthu amene inu munamuvotera anayang'ana masizoni ake 5 pa Cardinals, 2009 mpaka 2013, nkuyang'ana madoda a mu mzere uja, nkuona chinthu chomwe ovota sanafune kuchiona. Ntchito yoyeza yomwe inali yathu tinamusiyira iye, anasenza yekha katundu wokana ulemu pamaso pa dziko lonse. Ndipo chomwe chinandipweteka kwambiri ndi zomwe ena a inu munalemba pambuyo pake, eti ndi wonyada, eti watichititsa manyazi, eti tinataya mavoti athu pachabe. Mnyamata ameneyu anaululapo yekha kuti wakhala akulimbana ndi matenda a nkhawa komanso mowa, ngakhale nthawi yomwe mzinda wonse unkaimba dzina lake. Munthu wotereyo wanena chilungamo cha mumtima mwake inu nkumamugenda ndi mawu? Ayi ana anga, kwathu sitinaleredwe choncho.

Pomwe mavoti ankathamangira kwa Freese taonani amene anatsala panja. Steve Carlton anayamba ndi Cardinals mu 1965, anali mu timu yomwe inatenga chikho mu 1967, mu September 1969 anatulutsa omenya 19 a New York Mets ndi ma strikeout mu gemu imodzi, mu 1971 anawina magemu 20. Kuchoka kwake sanachite kuthawa, anakangana ndi mwini timu Gussie Busch pa nkhani ya malipiro ndipo mu February 1972 anamusinthanitsa ndi Rick Wise wa Philadelphia Phillies. Kumeneko chaka chomwecho anawina magemu 27 mu timu yomwe sizoni yonse inawina 59 basi. Munthuyu ali ku Cooperstown kuyambira 1994, koma dzina lake lakhala likubwera pa mndandanda wa Cardinals chaka ndi chaka ife nkumalilumpha, 2024 tinasankha Morris, 2025 tinasankha Rentería. Pali mtsutso weniweni pa Carlton, ena amati zaka zake zazikulu anadyera ku Philadelphia ndiye ndi wa kumeneko, ndipo amene akunena zimenezo atawerenga ine ndimamulemekeza ngakhale sindigwirizana naye. Koma ambiri a inu simumulumpha pa chifukwa chimenecho, mumamulumpha chifukwa zithunzi zake ndi zakale ndipo pa TikTok sapezeka.

Andújar nkhani yake ndiye imandimvetsa chisoni. Bambo wa ku Dominican Republic ameneyu ndi amene anaponya nkuwina gemu ya 7 ya World Series ya 1982, mu 1984 anawina magemu 20, mu 1985 anawina 21. Koma mukasaka dzina lake kavidiyo komwe kamayamba kubwera ndi ka gemu ya 7 ya 1985 ndi Kansas City Royals, atapsa mtima nkumakalipira woimbira gemu Don Denkinger mpaka kuthamangitsidwa mu gemu. Ndiye mukuona, kavidiyo kamodzi kanakweza Freese, kavidiyo kamodzi kanagwetsa Andújar, ndipo onse awiri sitinawaweruze pa ntchito yawo yonse. Andújar anamwalira mu 2015, sangadziyankhirenso.

Ndinakhala pa mphasa imodzi ndi mnyamata wina wakwathu pa kaphwando ka kubadwa kwa mwana, mwana wabwino ndithu waulemu, kapu ya Cardinals ili kumutu. Foni ili mmanja chala chikungoyenda, akuti madala ndavota kale, pano ndikuvoteranso pa imelo ya akazi anga ndi ya mlamu wanga. Ndinamufunsa kuti Carlton ankaponya ndi dzanja liti, anangoseka. Ndinati nanga Andújar ndi wa dziko liti, anati mwina Mexico. Mlamu wakeyo baseball sanaonerepo chibadwire. Ndinamuuza pomwepo kuti mwana wanga safunsa anadya phula, ndipo zomwe ukuchitazi ndi kuba mawu a agogo ena ake a ku Missouri amene anakhala pa sitediyamu mu 1971 nkumuona Carlton ndi maso awo, iwo avota kamodzi iwe wavota katatu osadziwa kanthu.

Musaganize kuti mwayi wovota sungalandidwe. Zinachitikapo. Mu 1957 masapota a Cincinnati anadzaza mavoti a gemu ya All-Star, ya akatswiri osankhidwa kuchokera mmatimu osiyanasiyana, nyuzipepala ya mu mzindamo inkasindikiza mapepala ovotera osonyeza kale oti asankhidwe, mpaka osewera 7 a Cincinnati anapambana malo oyamba mu timu ya National League, wa timu ina amene anapulumuka anali Stan Musial wathu yekha. Mkulu wa baseball nthawi imeneyo Ford Frick anachotsa awiri, Gus Bell ndi Wally Post, nkuikapo Willie Mays ndi Hank Aaron, kenako masapota onse a dziko lonse analandidwa voti mpaka 1970. Kusasamala kwa mzinda umodzi kunalanditsa aliyense. Mu 2015 nkhani yofanana inatsala pang'ono kubwereranso ndi masapota a Royals ndipo MLB, bungwe loyendetsa ligi, inafufuta mavoti mamiliyoni ambirimbiri a pa intaneti omwe inawakayikira. Timu ya Cardinals palibe lamulo lomwe limaikakamiza kuti izitifunsa maganizo, tsiku lomwe idzaone kuti voti yasanduka mpikisano wa amene ali ndi maimelo ambiri ikhoza kungosiyira komiti zonse.

Sindikunena kuti chikondi chilibe malo, Hall of Fame ya timu ndi ya mtima ndithu. Voti yoyamba mu 2014 masapota anasankha Willie McGee ndi Jim Edmonds, ndipo McGee anthu amamukonda mwina kuposa wina aliyense pa Busch chifukwa cha kufatsa kwake, koma kuseri kwa chikondicho kunali ntchito, MVP wa National League mu 1985 ndi avereji ya .353, zaka zambirimbiri atavala yunifomu imodzi. Mu 2015 anasankha Ted Simmons zaka zingapo Cooperstown isanamuzindikire, pamenepo masapota anaona patali kuposa atolankhani. Ndiye kuthekera kovota bwino kulipo, tinachitapo. Koma Keith Hernandez, amene anagawana MVP ya 1979 ndi Willie Stargell, anadikira mpaka 2021, ndipo ine ndimaona kuti chinamuchedwetsa ndi mkwiyo woti anakatchukira ku Mets, chonsecho mu 1983 anachita kugulitsidwa ndi timu.

Ndipo pali mayina ena omwe amafunika kukambirana modekha ngati anthu akuluakulu. Mark McGwire anamenya ma home run 70 mu 1998, mu 2010 anavomera yekha kuti ankagwiritsa ntchito mankhwala olimbitsa thupi, mu 2017 masapota anamulowetsa. Ine sindinamuvotere ndipo lero sindingamuvotere, chifukwa ndimaganiza za anzake amene ankasewera opanda mankhwala nkumaoneka ngati ofooka. Koma ndili ndi anzanga amsinkhu wanga amene amati munthu uja anabweza anthu ku masitediyamu pambuyo pa sitalaka ya 1994 ndipo anapepesa, timatsutsana mpaka tiyi kuzizira koma palibe amatchula mayi ake a mnzake. Inu nkhani yomweyi mukaiyamba sipatha mphindi 10 wina wanenedwa kuti ndi mbuli, wina wauzidwa kuti abwerere kumudzi akaonere mpira wa miyendo, wina watuluka pa gulu. Anthu ochokera dziko limodzi, okumana pa maliro ndi pa maukwati mmayiko a eni, kudana chifukwa cha dzina la pa mndandanda? Mawa mmodzi wa inu akadwala adzamutengera ku chipatala ndi McGwire?

Pali dzina lina lomwe ndimafuna achinyamata mulidziwe ngakhale silidzabweranso pa voti, Curt Flood, wosewera wakale wa Cardinals. Mu 1969 anakana kugulitsidwa ku Philadelphia, analembera kalata mkulu wa baseball Bowie Kuhn kuti iye si katundu woti azigulidwa ndi kugulitsidwa, mlandu unafika ku Supreme Court mu 1972 ndipo analuza, mpira wake utatha kale mu 1971, koma ufulu womwe osewera ali nawo lero wosankha kopita unayambira pa kulimba mtima kwake. Anamwalira mu 1997. Analowa mu Hall of Fame ya Cardinals mu 2015 kudzera ku komiti, ndipo ndimadzifunsa kuti akanakhala pa voti ya anthu ovota ngati mmene mukuvotera inumu akanapeza mavoti angati.

Ndiye mndandanda wina ukadzatuluka chonde musathamange, nthawi yovota imakhala masabata angapo. Tsegulani webusaiti ya ziwerengero za osewera ya Baseball Reference, ndi yaulere, muone munthu aliyense masizoni omwe anasewerera Cardinals, osati ntchito yake ya kumatimu ena. Amene muli pafupi ndi St. Louis pitani ku museum kuja ndi ana anu, mukafika pa sitediyamu yambitsani macheza ndi agogo a pampando woyandikana nawo, amakonda kufotokoza. Votani ndi dzina lanu lokha, imelo ya mkazi wanu ndi ya mkazi wanu. Ngati mayina onse ndi achilendo kwa inu palibe chamanyazi kusavota chaka chimenecho. Ma admin a magulu athu nanunso musamangoyang'ana anthu akutukwanizana, chenjezani kamodzi, akapitiriza muchotseni kaye sabata imodzi. Ndipo inu awiri amene munayambana pa nkhani ya Freese mpaka lero simulankhulana, mukudzidziwa, wamng'ono ayambe kuimba foni sabata ino, ine ndidzafunsa.