Kulima tikulima, koma zikutiwolera m'manja

Abale ine ndakwiya ndipo sindibisa. Mwana wa achemwali anga kuno ku Matawale anayamba kabizinesi kolima timasamba tanthete tija amati ma microgreens, amafesa mpiru, nsawawa, bonongwe ndi mpendadzuwa mothithikana m'timathileyi, pakatha sabata imodzi kapena ziwiri timasamba toyamba tikangotambasuka amadula ndi sizasi n'kukapereka kumalo ogona alendo. Lachisanu wadula bwinobwino, waika mufiriji, magetsi thii tsiku lonse ndi kutentha kwa Okutobalaku. Mmawa kukafika kumeneko kuti atsegule kontena, zonse zafota, pansi pake padikha madzi onunkha, timasamba tikuchita kuterera. Am'bweza nazo. Ndiye mwana akudandaula pa gulu lathu la WhatsApp, munthu wamkulu ndithu n'kumuyankha kuti usafooke, lima zambiri. Alime zambiri kuti ziwole zambiri?

Mawu amenewa ndi omwe andipsetsa mtima chifukwa ndatopa nawo. Paliponse limani, limani, onjezerani zokolola. Kulima tikulima ife! Pitani mumsika waukulu wa Zomba cha m'ma 3 koloko masana mukaone mulu wa repu, chayinizi ndi tomato wophwanyika omwe akutaya kuseri, amayi anadzuka usiku ku Jali kapena ku Songani, alipira galimoto, alipira chiphaso, madzulo akugulitsa motaya kuti angopeza yobwerera. Kwerani msewu wa ku Chawe muone anyamata a masitiroberi, zikapanda kugulidwa lero mawa zachita nkhungu. Disembala akafika mango amangowolera pansi pa mitengo, pofika Epulo tikugula juwisi wa m'botolo wochokera kunja. Bungwe la United Nations loona za chakudya ndi ulimi la FAO linanena kale mu 2011 kuti pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a chakudya chonse padziko limatayika kapena kuwonongeka. Kuno gawo limenelo timaliona ndi maso, limanunkha pamsika.

Vuto lathu ndi kusunga, basi. Tsamba ukalidula silinafe, limapumabe, limatuluka madzi, ndipo timasamba tanthete timeneti khungu lake ndi lopyapyala kwambiri moti pakutentha tsiku limodzi kapena awiri tatha. Koma titakhala pozizira pa madigiri 4 kapena 5, touma bwino, m'paketi yoyenera, timatha kupitirira sabata. Nkhani yonse ndi imeneyo, masiku ochepa okhawo ndi amene amasiyanitsa phindu ndi ngongole.

Anzathu kunjaku mutu wawo uli pomwepa. Akugwiritsa ntchito nanotechnology, luso la tinthu tating'onoting'ono tosaoneka ndi maso toyezedwa m'ma nanomita, tsitsi limodzi kunenepa kwake ndi ma nanomita pafupifupi 80,000 ndiye ganizirani. Amatenga chitosan kuchokera ku zigoba za nkhanu n'kupanga madzi omwe ukaviikamo chipatso amasiya kachikopa kopyapyala kodyeka, kamachedwetsa kufota ndi nkhungu. Ena akuika timibulu ta zinc oxide kapena siliva m'mapepala okulungira kuti tizilombo tisaswane, ena timibulu ta dongo kuti mpweya usalowe msanga. Akatswiri a pa yunivesite ya Guelph ku Canada pamodzi ndi a ku Tamil Nadu ku India anapanga mankhwala opopera mango kuchokera ku hexanal, chinthu chomwe zomera zimatulutsa zokha, mango amachedwa kugwa mumtengo komanso kuwola, ndipo anakayesa mpaka ku Kenya ndi Tanzania konkuno. Inde zambiri zikadali m'malabu, inde zimafuna kuyezedwa kaye ngati zili zabwino m'thupi, ku Ulaya mu 2022 analetsa titanium dioxide, ufa wopangitsa zinthu kuoneka zoyera, m'zakudya pa nkhani yomweyi. Koma iwo akulimbana ndi kuwola, ife tikuuzana kuti lima zambiri.

Ndipo wina asabwere apa kudzati zimenezo ndi za azungu, zodula. Chabwino, siyani za nano. Mphunzitsi wina ku Nigeria, Mohammed Bah Abba, anafalitsa njira ya miphika iwiri ya dothi, waung'ono mkati mwa waukulu, pakati mchenga wonyowa, pamwamba nsalu yonyowa, ndiwo zimakhala masiku angapo popanda magetsi. Miphika tilibe ife? Mchenga tilibe? Ku Nigeria komweko kampani ya ColdHubs imaika zipinda zozizira zoyendera sola m'misika, mayi amalipira pa kireti patsiku n'kukagona mtima uli m'malo. Dzuwa la ku Zomba lachepa? Agogo athu omwe sanapite kusukulu ankadziwa kufutsa nkhwani ndi khwanya n'kumanga chikwatu ndi masamba a msuku, ndiwo mpaka chilimwe. Iwo nkhani yosunga anaiganizira, ife a mafoni m'manja tangoisiya.

Mudzati magetsi, ndalama, misewu, eya zonsezo tikuzidziwa. Koma madzi akatayika saoleka. Mbewu anagula mwana uja, madzi anathirira, tulo anataya, ndalama ya kabaza, zonse zapita kudzala ndipo palibe adzam'bwezere. Mlimi wa tomato ku Thondwe chimodzimodzi, feteleza wa ngongole, tomato akuwolera m'dengu pamsewu. Tikuphunzitsa anthu kubzala osawaphunzitsa kusunga, tikugawa mbewu osamanga pozizira, ndiye chaka ndi chaka tikudabwa kuti mlimi sakutukuka bwanji.

Komanso inu ogulitsa masamba, madzi amene mumawaza pa ndiwo kuti zioneke zatsopano aja mumatunga kuti? Ndaona ndi maso anga wina akutunga m'ngalande ndi kabotolo koboola n'kumawaza pa letesi, letesi woti anthu akadya wosaphika, kolera yomwe inatipha anthu ambirimbiri muja mwaiwala kale eti?