Mwanayu sanalakwe, cholembera chofiiracho ndiye chalakwa

Mwana wa Fomu 2 walemba kuti "The committee have failed to agree on a date." Aphunzitsi adula "have", alemba "has" pamwamba pake, amulanda malikisi, kenako m'mbali alembamo ndi zilembo zikuluzikulu kuti dzina la unyinji (dzina loimira gulu, ngati committee) limatenga mneni wa chinthu chimodzi NTHAWI ZONSE. Nthawi zonse? Lamulo limeneli analitola kuti? Zandikwiyitsa zedi. Mwanayu sanalakwe.

Chingerezi chimene timaphunzitsa m'sukulu zathu n'cha ku Britain, ndipo kumeneko mayina ngati team, family, committee, government, staff, jury ndi class amayenda ndi "is" komanso ndi "are". Zimatengera chimene wolemba akuona. Akamaona gululo ngati chinthu chimodzi, alemba "The committee has ten members." Akamaona anthu amene ali m'gulumo, aliyense ndi maganizo ake, alemba "The committee have failed to agree." Tangoganizani, abwana. Ngati komiti ndi chinthu chimodzi, yalephera kugwirizana ndi yani? Mwanayu anaona anthu akukangana, n'kusankha mneni woyenera. Inu mwamulanga chifukwa choganiza.

Tsegulani BBC Loweruka nthawi ya mpira mumve nokha: "Arsenal are leading", "England have scored". Nawonso muwadula? A ku America ndi amene amakonda "is" pafupifupi paliponse, koma nawo sanena kuti zinazo si Chingerezi. Vuto ndi manotsi akale aja ongokopera chaka ndi chaka. Safunsa anadya phula.

Ngati dzanja likuyabwa kuti mudule, zoyenera kudula zilipo. Dulani kusakaniza. "The team is wearing their new jerseys" wayamba ndi chimodzi, wamaliza ndi ambiri. Asankhe: "is" ayende ndi "its" ndi "which", "are" ayende ndi "their" ndi "who", mpaka chiganizo chithe. Dulaninso "The police is coming" ndi "The cattle is grazing", chifukwa police, cattle ndi people amafuna "are" basi, ku London ngakhale ku New York. Nanga lamulo lanu la NTHAWI ZONSE lija likuthera pati apa? Palinso msampha uwu umene umagwetsa ana ambiri pa mayeso: "A number of pupils are absent", koma "The number of pupils is sixty." Kamawu kamodzi kakutsogolo kasintha mneni yense. Izi ndiye zofunika kuthera nazo choko.

Ana inu, funso lotere likabwera, musathamangire kudzaza mpata. Werengani chiganizo mpaka kumapeto. Mukaona "their", "among themselves" kapena "each other", mneni ndi wa ambiri. Mukaona "its", ndi wa chimodzi. Popanda chizindikiro chilichonse, "is" kapena "has" sangakugwetseni, kupatula pa mawu ngati police, cattle ndi people aja.

Koma ayi, m'kalasi ndi kuloweza basi. Herd of cattle, flock of sheep, swarm of bees, pride of lions, mpaka parliament of owls. Mwana akuimba mndandanda wonse ngati nyimbo ya Sande sukulu, koma umuuze aike "family" m'chiganizo, thukuta kamukamu. Adzalemba liti kalata yonena za nyumba ya malamulo ya akadzidzi? Koma staff ndi committee adzakumana nazo tsiku lililonse kuntchito.

Ndiye taonani zikwangwani m'tauni muno. "We sell furnitures and office equipments." "All staffs must sign here." Furniture, equipment, luggage ndi information sawerengeka, salandira "s", ndipo si mayina a unyinji n'komwe. Ukafuna kuwerenga umati "two pieces of furniture", "five members of staff". Chikwangwani chachikulu, penti wodula, munthu walipira ndalama zake, ndipo palibe ndi mmodzi yemwe amene anatulutsa cholembera chofiira pamenepo.